Mawu ocepa pamwamba pa sitampa

Taganizani kuti mwagwira kasitampa kakale m'manja. Pali mutu wa mfumukazi ya ku Britain, ndipo mtengo wake ndi mapeni awiri ndi theka. Koma pamwamba pa zonsezi padindidwa mawu ena ndi inki yakuda: 40 PARAS. Pa sitampa ina pali mawu akuti TANGIER. Pa inanso pali zilembo zitatu cabe: M.E.F.

Mwina munganene kuti wina anaononga sitampayo. Ayi ndithu. Anadinda mawuwo ndi a positi eni ake, ndipo anali ndi cifukwa. Mawu ocepawo amatiuza kumene sitampa inagulitsidwa, ndalama zimene anthu ankagulira, ndiponso amene anali ndi mphamvu kumaloko pa nthawiyo.

Pali anthu m'maiko ambiri amene amasonkhanitsa masitampa a mtundu umenewu wokha. M'nkhani ino muona kumene masitampawa anacokera, mmene mungawawerengere, ndi mmene mungapewere kugula abodza. Muonanso kuti nkhaniyi inafika mpaka kuno kwathu, ku Chinde, kumene mtsinje wa Zambezi umathirira m'nyanja yamcere.

Sitampa ili ngati risiti

Tiyambe ndi sitampa yeniyeniyo. Ambiri kuno timaidziwa ndi dzina la Cipwitikizi lakuti selo, monganso positi timati koreyo. Sitampa ndi kapepala kosonyeza kuti wotumiza kalata walipira kale. Ili ngati risiti yomata pa envulopu.

Sitampa yoyamba padziko lonse inayamba kugwira nchito ku Britain pa 6 Meyi 1840. Inali yakuda, ya peni imodzi, ndipo inali ndi mutu wa Mfumukazi Victoria. Amene analimbikitsa maganizo amenewa ndi Rowland Hill, munthu amene poyamba anali mphunzitsi. Izi zisanacitike, kawirikawiri wolandira kalata ndiye ankalipira, ndipo mtengo unali wokwera.

Popeza Angerezi ndiwo anayamba, sanalembe dzina la dziko lawo pa sitampa. Mpaka lero masitampa a ku Britain alibe dzina la dziko. Mutu wa mfumu kapena mfumukazi ndiwo umauza anthu kumene sitampa yacokera.

Pali cinanso coti mucidziwe, ndico cidindo. Kalata ikafika ku positi, kalaliki amamenya cidindo pa sitampa kuti munthu asaigwiritsenso nchito. Pa cidindo pamakhala dzina la tauni ndi tsiku. Conco musasokoneze zinthu ziwirizi. Mawu amene tikukamba ankadindidwa ndi makina sitampa isanagulitsidwe. Cidindo cimabwera pambuyo, kalata ikamayamba ulendo. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, cifukwa tiifunanso kutsogoloku.

Positi ya mlendo m'dziko la eni

M'zaka za m'ma 1800, amalonda a ku Britain anali m'madoko ambiri akutali. Ankafuna kuti makalata awo ndi mapepala a malonda zizifika ku London msanga. Mgwirizano wa maiko pa nkhani ya makalata kunalibe. Unadzayamba mu 1874 mumzinda wa Bern, ku Switzerland. Tsono Angerezi anatsegula mapositi awoawo m'maiko a eni, kawirikawiri pa ofesi ya kazembe wawo.

Maiko amenewa sankalamulidwa ndi Britain. Anali ndi mafumu awo ndi maboma awo. Tengani ufumu wa Ottoman, umene likulu lake linali Constantinople, mzinda umene lero ndi Istanbul ku Turkey. Ufumuwo unali ndi positi yake, ndipo unatulutsa masitampa ake mu 1863. Komabe Angerezi anatsegula positi yawo ku Constantinople mu 1857, ina ku Smyrna mu 1872, ina ku Beirut mu 1873, inanso ku Salonica mu 1900. Maiko a France, Germany, Austria, Russia ndi Italy nawonso anali ndi mapositi awo mu ufumu womwewo.

Kodi eni dziko ankamva bwanji? Ganizirani mlendo amene wamanga sitolo pabwalo panu, akugulitsa zomwe inunso mumagulitsa, koma phindu lonse akutumiza kwawo. Ndalama zogulira masitampa zinkapita ku maboma acilendo. Matumba a makalata ankalowa ndi kutuluka eni dziko osadziwa zimene zili m'kati. Boma la Ottoman linayesa kangapo kutseka mapositiwo, koma linali lofooka, ndiponso linali lomangika ndi mapangano akale opatsa alendo ufulu wapadera.

Poyamba mapositiwa ankagulitsa masitampa wamba a ku Britain, opanda mawu oonjezera. Cidindo cokha ndico cimaulula kumene anagwira nchito. Ca ku Constantinople cinali ndi cilembo C, ca ku Smyrna cinali F87, ndipo ca ku Beirut cinali G06.

Cinabweretsa mawu oonjezera ndi ndalama

Ngati mumakhala kufupi ndi malire, mukudziwa bwino nkhani yosintha ndalama. Lero metikali igula makwaca akutiakuti, mawa zasintha. Munthu wocenjera amagula katundu mbali imene watsika mtengo, n'kukagulitsa mbali inayo.

Zoterezi zinacitikanso ndi masitampa. Ku Constantinople anthu ankagula masitampa a ku Britain ndi ndalama za Ottoman, zochedwa para ndi piastre. Mapara 40 ankapanga piastre imodzi. Sitampa ya mapeni awiri ndi theka, yotumizira kalata kunja, ankaigulitsa mapara 40. Koma ndalama ya Ottoman inatsika mphamvu. Mapara 40 sanalinso ofanana ndi mapeni awiri ndi theka. Conco munthu ankatha kugula masitampa ambiri motsika mtengo, n'kuwatumiza ku Britain kumene ankagwira nchito pa mtengo wake wonse. Positi inkaluza.

Njira yothetsera vutoli inali yapafupi. Kuyambira pa 1 Ogasiti 1885, masitampa opita kumeneko ankayamba adindidwa mtengo wa ndalama za Ottoman. Ya mapeni awiri ndi theka inalembedwa 40 PARAS. Ya mapeni asanu inalembedwa 80 PARAS. Ya masheleni awiri ndi mapeni asanu ndi limodzi inalembedwa 12 PIASTRES. Sitampa yotere sinkagwiranso nchito ku London. Bizinesi ya ocenjera aja inathera pomwepo.

Mu 1905 anayamba kudindanso mawu akuti LEVANT pa masitampa ena amene mtengo wake unakhalabe wa mapeni ndi masheleni. Levant ndi dzina limene Azungu ankachulira maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean.

Nanga bwanji sanangopanga masitampa atsopano? Kujambula ndi kusindikiza sitampa yatsopano kumadya nthawi ndi ndalama zambiri. Mapositiwa anali ang'onoang'ono. Kudinda mawu awiri pa masitampa amene alipo kale kunali kosavuta.

Mapositi a ku Levant anatsekedwa pa 30 Seputembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Ena anatsegulidwanso nkhondo itatha. Koma mu 1923 dziko la Turkey linasaina pangano la ku Lausanne, limene linathetsa ufulu wapadera wa alendo. Caka comweco positi ya Angerezi ku Constantinople inatsekedwa mpaka kalekale.

Ku Morocco: dziko limodzi, ndalama zitatu

Anthu ambiri oyamba kusonkhanitsa amayambira ku Morocco, kumpoto kwa Africa, cifukwa masitampa ake ndi ambiri ndipo sasowa.

Positi ya Angerezi ku Tangier inatsegulidwa mu 1857. Kuyambira mu 1886, mapositi a ku Morocco ankayendetsedwa ndi a ku Gibraltar, kadera ka Angerezi ka kutsidya kwa nyanja. Mu 1898 Gibraltar inabwerera ku ndalama za ku Britain, pamene ku Morocco anthu ankagulabe ndi ndalama za ku Spain. Apa mpamene anayamba kudinda mawu akuti Morocco Agencies pa masitampa a Gibraltar. Mawuwa akutanthauza nthambi za positi za ku Morocco.

Pa 1 Januwale 1907 likulu la positi la ku London linatenga udindowo. Kuyambira pamenepo mawu aja ankadindidwa pa masitampa a ku Britain. M'kupita kwa nthawi panakhala magulu anayi:

1. Olembedwa MOROCCO AGENCIES basi. Mtengo wake unali wa mapeni ndi masheleni.
2. Oonjezedwa CENTIMOS kapena PESETAS, ndalama za ku Spain.
3. Oonjezedwa CENTIMES kapena FRANCS, ndalama za ku France. Awa anayamba mu 1917 ndipo anatha mu Januwale 1938.
4. Olembedwa TANGIER, kuyambira mu 1927.

Yang'anitsitsani mawu awiriwa: CENTIMOS ndi CENTIMES. Akusiyana cilembo cimodzi cokha, O ndi E. Koma cilembo cimeneco cikukumbutsa za kugawidwa kwa dziko. Mu 1912 maiko a France ndi Spain anagawana Morocco, ndipo pambuyo pake mzinda wa Tangier unaikidwa m'manja mwa maiko angapo.

Morocco inalandira ufulu mu 1956. Positi ya Angerezi ku Tetuan inatsekedwa pa 31 Disembala caka comweco. Ya ku Tangier inapitiriza mpaka inakwanitsa zaka 100. Pa 1 Epulo 1957 anatulutsa masitampa olembedwa 1857-1957 TANGIER, ndipo pa 30 Epulo anatseka citseko.

Ku China ndi ku Arabia

Ku China nkhani inayamba ndi nkhondo. Angerezi atapambana, pangano la ku Nanking la mu 1842 linakakamiza China kutsegula madoko asanu ndi kupereka cilumba ca Hong Kong. Mapositi a Angerezi anatsegulidwa m'madoko monga Shanghai, Canton ndi Amoy, ndipo ankagulitsa masitampa a Hong Kong. Vuto la kusiyana kwa ndalama linabukanso kumeneko. Conco kuyambira pa 1 Januwale 1917 masitampawo ankadindidwa mawu akuti CHINA. Mapositiwa anatsekedwa pa 30 Novembala 1922, maiko atagwirizana pa msonkhano wa ku Washington kuti China iziyendetsa yokha makalata ake. Ku Wei Hai Wei kokha ndiko anapitiriza mpaka 1930.

Kugombe la kum'mawa kwa Arabia, makalata ankayendetsedwa ndi positi ya ku India, ndipo anthu ankagwiritsa nchito ndalama za ku India. Ma anna 16 ankapanga rupee imodzi. India ndi Pakistan atalandira ufulu mu 1947, positi ya ku London inatenga nchitoyo pa 1 Epulo 1948. Masitampa a ku Bahrain ndi a ku Kuwait anadindidwa dzina la malo ndi mtengo. Koma a ku Muscat ndi Dubai anadindidwa mtengo wokha, monga 1 ANNA kapena 2 RUPEES. Paja tinanena kuti sitampa ya ku Britain ilibe dzina la dziko. Ndiye kuti awa alibe dzina lililonse, ndipo cidindo cokha ndico cingakuuzeni tauni yake. Mu 1957 India inasintha kawerengedwe ka ndalama, rupee imodzi n'kukhala ma naye paise 100. Mukaona zilembo NP, dziwani kuti sitampayo ndi ya 1957 kapena pambuyo pake.

Zilembo za nthawi ya nkhondo

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, asilikali a Britain analanda maiko a mu Africa amene ankalamulidwa ndi Italy: Eritrea, Somalia ndi Libya. Anthu a kumeneko ankafunabe kutumiza makalata. Mu 1942 panatuluka masitampa olembedwa M.E.F., zilembo zoimira mawu a Cingerezi akuti Middle East Forces, dzina la gulu la asilikali. Mu 1943 a ku Somalia analembedwa E.A.F., kutanthauza asilikali a kum'mawa kwa Africa.

Mu 1948 zilembo zinasintha kukhala B.M.A., kutsogolo kwa dzina la dziko: B.M.A. ERITREA, B.M.A. SOMALIA, B.M.A. TRIPOLITANIA. Cilembo M cikuimira ulamuliro wa asilikali. Mu 1950 cilemboco cinacotsedwa, n'kutsala B.A., posonyeza kuti olamulira sanalinso asilikali. Kenaka masitampawa anatha limodzi ndi ulamulirowo. Libya inalandira ufulu pa 24 Disembala 1951, ndipo Eritrea inaphatikizidwa ndi Ethiopia mu 1952.

Kuno kwathu: positi ya ku Chinde

Tsopano tibwere kuno ku Moçambique. Dziko limene lero ndi Malawi lilibe gombe la nyanja yamcere. Angerezi atayamba kulilamulira mu 1891, katundu ndi makalata awo onse ankadutsa m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Sitima zikuluzikulu zinkaima ku Chinde, m'cigawo ca Zambézia. Kucokera pamenepo sitima zazing'ono zinkakwera mtsinje wa Zambezi, n'kulowa mu Shire mpaka ku Chiromo.

Caka comweco ca 1891, Britain ndi Portugal anapangana za malire. Apwitikizi anabwereketsa Angerezi kamalo ku Chinde kwa zaka 99. Pamalopo Angerezi anamanga nyumba zosungiramo katundu, ndipo anali ndi positi yawo yolandira ndi kusanja makalata.

Masitampa oyamba a boma latsopanolo analinso odindidwa pamwamba. Anatenga masitampa a British South Africa Company, kampani ya Cecil Rhodes, n'kudindapo zilembo B.C.A. Zilembozi zikuimira British Central Africa, dzina limene dzikolo linali nalo lisanakhale Nyasaland mu 1907. Osonkhanitsa amafunafuna masitampa a dzikoli amene ali ndi cidindo ca CHINDE, cifukwa ndi umboni wakuti positi ya Angerezi inagwirapo nchito pa nthaka ya Moçambique.

Zaka 99 zija sizinakwane. Madzi ankadya gombe caka ndi caka. Mu Febuluwale 1922 mphepo yamkuntho inaononga Chinde ndi kumiza sitima zambiri. Caka comweco njanji yocokera ku Beira inafika ku Zambezi, ndipo katundu anayamba kudzera kumeneko. Mu 1923 Angerezi anawasiya malowo.

Apwitikizi nawonso ankadinda mawu pa masitampa. Mu 1892 anadinda dzina la Companhia de Moçambique, kampani imene inkalamulira dera la Beira. Mu 1898 anadinda NYASSA, pothandiza kampani imene inkalamulira kumpoto mpaka 1929. Ufumu utagwa ku Portugal mu Okutobala 1910, pa nkhope ya mfumu anadindapo REPUBLICA. Ndipo dziko lathu litalandira ufulu, masitampa akale a atsamunda anadindidwa mawu akuti INDEPENDÊNCIA 25 JUN 75. Awa si a mapositi a Angerezi ayi, koma kawerengedwe kake ndi kamodzimodzi, ndipo ndiwo amene mungawapeze msanga kuno.

Mmene mungawerengere sitampa yotere

Khalani pamalo owala, makamaka masana. Ngati muli ndi galasi lokuza zinthu, ligwiritseni nchito. Kamera ya foni imathandizanso: jambulani sitampayo, n'kukuza cithunzico ndi zala. Kenaka dzifunseni mafunso anayi.

Loyamba: pali mutu wa yani? Mutuwo umakuuzani nyengo. Victoria analamulira mpaka 1901. Edward VII, wadazi ndi ndevu, analamulira kuyambira 1901 mpaka 1910. George V, wandevu koma watsitsi, anafika mpaka 1936. Edward VIII anakhala pampando caka ca 1936 cokha, osacimaliza n'komwe. George VI, wopanda ndevu, anafika mpaka 1952. Pambuyo pake ndi Mfumukazi Elizabeth II. Zilembo za kumapeto kwa mainawa ndi manambala a Ciroma: V ndi 5, VI ndi 6, VII ndi 7, VIII ndi 8.

Laciwiri: mtengo woyamba unali wotani? Cilembo d cikuimira peni. Conco 2d ndi mapeni awiri. Mapeni 12 ankapanga sheleni imodzi.

Lacitatu: mawu oonjezera akuti ciyani? Werengani cilembo cimodzicimodzi, osathamanga. Onani ngati ndi dzina la malo, dzina la ndalama, kapena zonse ziwiri.

Lacinayi: cidindo cikuchula tauni iti, ndi tsiku liti?

Mayankho anayiwa ayenera kugwirizana. Sitampa ya nthawi ya Victoria singakhale ndi mawu akuti TANGIER odindidwa ndi makina, cifukwa mawuwo anayamba mu 1927, mayiyo atamwalira kale. Mutu wa Elizabeth sungakhale ndi PARAS.

Cenjerani ndi abodza

Apa ndiye pamene anthu amatayira ndalama. Kupanga sitampa yonse yabodza n'kovuta. Koma kutenga sitampa yeniyeni yotsika mtengo n'kudindapo mawu awiri n'kosavuta. Akuba akhala akucita zimenezi kwa zaka zoposa 100.

Nayi nkhani yodziwika. Mu Julayi 1906, positi ya ku Beirut inasowa masitampa a piastre imodzi. Anatenga a mapeni awiri n'kupita nawo kwa osindikiza a mumzinda momwemo, amene anadindapo mawu akuti 1 Piastre. Anadinda masitampa 480 okha. Cifukwa ca kucepako, mtengo wake lero ndi waukulu, ndipo abodza ake ndi ambiri. Paja amati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yoyamba yodzitetezera ndi mfundo ija tinagwiritsitsa. Mawu enieni ankadindidwa sitampa isanagulitsidwe, ndiye cidindo ca ku positi ciyenera kukhala pamwamba pa mawuwo. Mukaona kuti inki ya mawu yakwera pamwamba pa cidindo, dziwani kuti wina anawaonjezera pambuyo pake.

Yaciwiri, werengani cidindo. Sitampa yolembedwa 40 PARAS koma cidindo cake n'ca ku London kapena ku Manchester ndi yokayikitsa.

Yacitatu, yerekezani ndi ina imene mukudziwa kuti ndi yeniyeni. Onani kutalika kwa mawu, kunenepa kwa zilembo, ndi mpata wa pakati pake. Zilembo zabodza kawirikawiri zimakhala zosalongosoka m'mbali, kapena inki yake imakhala yotuwa.

Komatu si colakwika ciliconse cimene cili cabodza. Kale osindikiza ankasanja zilembo zacitsulo ndi manja, cimodzicimodzi. Mu 1898 ku Gibraltar, posanja mawu akuti Agencies, pamalo pena anaika V wozondoka m'malo mwa A. Masitampa okhala ndi colakwika cimeneci ndi enieni, ndipo mtengo wake umaposa wa anzake. Zolakwika zenizeni zotere zinalembedwa m'mabuku a mndandanda wa masitampa, monga a kampani ya Stanley Gibbons ya ku London. Wogulitsa akakuuzani za colakwika cimene mulibe m'mabukumo, sungani ndalama zanu. Ndipo sitampa ya mtengo waukulu musaigule popanda cikalata ca akatswiri oyeza masitampa.

Kasungidwe kake

Mdani wamkulu wa sitampa kuno kwathu ndi cinyezi. Nthawi ya dzinja pepala limacita nkhungu ndi madontho ofiirira, ndipo masitampa osagwiritsidwa nchito amamatirirana. Ciswe ndi mphemvu nazonso zimakonda guluu wa kumbuyo kwake.

Sungani masitampa m'buku la mapepala oyera ndi ouma. Bukulo muliike coimirira m'bokosi lotseka bwino, patali ndi khoma lonyowa ndi utsi wa kukhichini. Dzuwa limafufutsa mtundu, conco musawayanike. Musamate ndi guluu kapena selotepi. Pogwira, sambani m'manja ndi kupukuta bwino, kapena gwiritsani nchito kacitsulo kopanira kopanda mano. Samalani timano ta m'mbali mwa sitampa, cifukwa kamodzi kakaduka mtengo umatsika.

Mukapeza sitampa yakale ili pa envulopu yake, musaimatule. Envulopu yathunthu ili ndi adiresi, tsiku, ndi zidindo za m'matauni amene kalata inadutsa. Kawirikawiri imeneyi ndiyo ya mtengo kuposa sitampa payokha. Dziwaninso kuti inki ya masitampa ena a nthawi ya Victoria ndi Edward VII, makamaka yobiriwira, imasungunuka m'madzi. Anaipanga dala conco kuti anthu asamatsuke cidindo n'kugwiritsanso nchito sitampa.

Poyambira

Tinene zoona: masitampa ambiri a mtundu uwu ndi otsika mtengo. Anasindikizidwa ambirimbiri, ndipo osonkhanitsa anasunga oculuka osawagwiritsa nchito. Munthu akakuuzani kuti sitampa iliyonse yakale ndi cuma, akukunamizani. Musagulitse mbuzi kapena cimanga ca pakhomo poganiza kuti mudzalemera ndi masitampa.

Yambani ndi zimene zili pafupi. Funsani akuluakulu ngati anasunga makalata akale m'sutikesi, ndipo pemphani cilolezo musanatenge kanthu. A ku Levant kapena a ku China n'ngovuta kuwapeza kumudzi, koma zithunzi zake zilipo zambiri pa intaneti. Lembani mawu monga Morocco Agencies kapena British Levant pa foni, muziona. Ku Britain kuli bungwe la anthu okonda masitampa amenewa, lochedwa GB Overprints Society.

Sankhani kagawo kamodzi. Ena amasonkhanitsa a malo amodzi, monga Tangier. Ena amasankha mfumu imodzi, monga Edward VIII, popeza masitampa ake ndi ocepa ndipo munthu angathe kuwamaliza. Enanso amatenga cithunzi cimodzi n'kufunafuna mawu onse amene anadindidwapo. Mwacitsanzo, masitampa okumbukira masewera a Olympic a ku London a mu 1948 amapezeka olembedwa TANGIER, MOROCCO AGENCIES, BAHRAIN, KUWAIT, ndiponso a mtengo wokha aja a ku Muscat ndi Dubai.

Khalani ndi kope. Pa sitampa iliyonse imene mwapeza kapena kuiona, lembani mayankho a mafunso anayi aja: mutu, mtengo woyamba, mawu oonjezera ndi cidindo. Pansi pake lembani ciganizo cimodzi cofotokoza cifukwa cimene mawuwo anadindidwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadzaza masamba angapo, mudzayamba kuzindikira nokha sitampa imene mawu ake sakugwirizana ndi mutu kapena cidindo cake.

Zoti mukambirane ndi anzanu

1. Kodi cidindo ca ku positi cimasiyana bwanji ndi mawu odindidwa pamwamba?
2. N'cifukwa ciyani mu 1885 anayamba kudinda 40 PARAS pa masitampa a ku Britain?
3. Mwapeza sitampa yolembedwa MOROCCO AGENCIES 10 CENTIMES. Inagulidwa ndi ndalama za dziko liti?
4. N'cifukwa ciyani Angerezi ankafuna malo ku Chinde, nanga anacokako bwanji?
5. Mukanakhala mtsogoleri wa dziko, mukanalola boma lacilendo kutsegula positi yake mumzinda wanu? Fotokozani maganizo anu.